Mutu 9: Madzi Akasochera M'thupi

Dinikizani chala chachikulu pamsongolo wa munthu amene watupa miyendo, muwerenge pang'onopang'ono mpaka 3, kenako muchotse chalacho. Pamatsala kadzenje, ngati kamene chala chimasiya pa mtanda wa nsima. Kadzenjeko kamakhalapo kwa kanthawi, n'kumafafanizika pang'onopang'ono. Mwakankhira pambali madzi amene anadzaza pansi pa khungu, ndipo tsopano akubwerera pamalo pawo.

Achipatala amatchula kutupa kotereku kuti oedema. Ife timangoti watupa, ndipo mawu omwewo timanenera munthu wolumidwa ndi njuchi, mayi woyembekezera amene nsapato zayamba kumuthina, mwana wonyentchera, ndi agogo amene mtima wawo wafooka. Onsewa madzi awakhala pamalo olakwika, koma njira imene madziwo adzera n'njosiyana kwa aliyense. N'chifukwa chake mankhwala amene angapulumutse agogowo angathe kumupha mwanayo.

Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 70 amakhala ndi madzi pafupifupi malita 42, kuposa zigubu ziwiri za malita 20. Malita 28 ali m'kati mwa maselo, tizipinda ting'onoting'ono timene timapanga mnofu, khungu ndi ziwalo zonse. Malita 3 okha ndi amene ali m'madzi a m'magazi. Otsalawo, malita 11 kapena kuyandikira pamenepo, ali m'mipata ya pakati pa maselo, ogwidwa ndi zinthu zonandananda zokhala ngati siponji. Kutupa kumachitika madzi a m'mipata imeneyi akachuluka. Siponjiyo imameza madzi ambiri isanayambe kuonetsa: munthu wamkulu akhoza kusunga malita 2 kapena 3 owonjezera diso lisanaone kanthu. Popeza lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, sikelo ndi imene imayamba kuona kutupa, diso limabwera pambuyo.

Mtsuko umene umadontha mwadala

Magazi akachoka mumtima amayenda m'mitsempha ikuluikulu, imene imagawikana ngati nthambi mpaka kufika pa timitsempha tochepa kwambiri, toti maselo ofiira a magazi amadutsamo mondondozana. Khoma la timitsemphati n'lopyapyala, selo limodzi lokha, ndipo limadontha ngati mtsuko wadothi watsopano umene umachita thukuta kunja. Kudonthako si kuwonongeka. Ndi mmene shuga ndi zakudya zina zimachokera m'magazi n'kufika ku maselo.

Nanga bwanji madzi satha m'mitsempha? Amene anayankha funsoli ndi Ernest Starling, katswiri wa ku London, amene mu 1896 anafalitsa zimene anapeza atafufuza pa miyendo ya agalu. Iye anaonetsa kuti pakhoma la kamtsempha kalikonse pali mphamvu ziwiri zolimbana. Ina ndi yokankha, yochokera ku kupopa kwa mtima, imene imatulutsa madzi kunja. Ina ndi yokoka, yochokera ku mapuloteni a m'magazi, makamaka amene amatchedwa alubumini, amene chiwindi chimapanga tsiku ndi tsiku.

Aliyense amene anathirapo mchere pa matimati oduladula anaona madzi akutuluka n'kudzaza m'mbale. Madzi amatsatira chinthu chosungunuka chimene sichingathe kuwoloka khoma. Pa timitsempha ta magazi mchere sungagwire ntchito imeneyi, chifukwa umadutsa pakhomapo mosavuta, mbali zonse ziwiri n'kufanana. Alubumini ndi wamkulu, sadutsa wambiri, motero amatsala m'kati n'kumagwira madzi. Munthu wathanzi amakhala ndi magalamu 35 mpaka 50 a alubumini pa lita iliyonse ya madzi a m'magazi.

Komabe yokankha imapambana pang'ono, ndipo madzi amatuluka ndithu. Amene amawatola ndi mitsempha ina yopanda magazi, yotchedwa ya lymph, imene tingaiyerekeze ndi ngalande za m'mbali mwa msewu. Mwanabele amene amatupa m'mphechepeche mukakhala ndi bala kuphazi ndi mbali ya ngalande zimenezi, malo osefera tizilombo. Ngalandezo zimakumanakumana mpaka kukathira mumtsempha wa magazi m'munsi mwa khosi, ndipo patsiku zimabweza malita 2 mpaka 4. Mabuku akale ankaphunzitsa kuti madzi ambiri amatuluka kumayambiriro kwa kamtsempha n'kubwereranso kumapeto kwake. Kafukufuku wa zaka zaposachedwa waonetsa kuti m'mbali zambiri za thupi sizili choncho: alubumini amangochepetsa kudontha, ndipo pafupifupi madzi onse otuluka amabwerera kudzera m'ngalande. Ngalandezi, zimene kale sizinkawerengeredwa kwenikweni, ndi zimene zanyamula ntchito yaikulu.

Ndiye kuti kutupa kulikonse kumachokera pa chimodzi mwa izi, kapena zingapo pamodzi: kukankha kwachuluka, kukoka kwachepa, khoma latseguka, kapena ngalande zatsekeka.

Chitsanzo chapafupi cha kukankha kochuluka amachidziwa aliyense amene anakwerapo basi yopita ku Johannesburg. Munthu akaima kapena kukhala osagwedezeka, magazi onse a pakati pa mtima ndi phazi amalemerera pa akakolo. Pa muyeso umene amayezera BP, kulemerako kumafika cha m'ma 90 m'mitsempha ya pa akakolo munthu akangoima chilili, koma akayamba kuyenda kumatsika mpaka pansi pa 30. Akatumba akamafinyika amakankhira magazi m'mwamba, ndipo tizitseko ta m'mitsempha timawaletsa kubwerera. Wapabasi uja akatumba ake agona tsiku lonse, n'chifukwa chake nsapato zimene anavula ali ku Mwanza zimakana kulowa akamatsika. Nyamalikiti, ngakhale kuti n'njotalika mamita 5, situpa miyendo chifukwa khungu la m'miyendo mwake n'lothina kwambiri, losasiya malo oti madzi akhalemo. Masokosi othina amene achipatala amapatsa odwala ena amagwira ntchito yomweyo.

Mtima ukafooka, impso zimanamizika

Ambiri amaganiza kuti mtima ukafooka magazi amangounjikana kumbuyo kwake, ngati madzi pamlatho wotsekeka ndi zinyalala. Zimenezo n'zoona, koma sizikwanira kufotokoza malita 10 kapena kuposa amene odwala ena amasunga. Madzi ochuluka chonchi sangachokere m'magazi, mmene muli malita 3 okha. Amachokera ku zimene munthu amamwa ndi kudya, ndipo amene amawatsekera m'thupi ndi impso.

Impso zimasefa malita pafupifupi 180 patsiku, n'kubweza pafupifupi onse m'magazi, kusiya lita imodzi ndi theka ya mkodzo. Zilibe maso. Zimangomva kuchuluka kwa magazi amene akuzifika. Magazi akachepa, izo zimaona ngati munthu wavulala n'kutaya magazi, kapena watsegula m'mimba, ndiye zimatulutsa chinthu chotchedwa renin, chimene chimadzutsa mahomoni ena mpaka kufika pa aldosterone, amene uthenga wake ndi umodzi: sungani mchere. Mchere ukasungidwa madzi amatsatira, magalamu 9 aliwonse amagwira lita imodzi. Kwa munthu amene wataya magazi, dongosolo limeneli limapulumutsa moyo. Kwa wa mtima wofooka, magazi sanachepe, angoleka kuyenda bwino. Impso zimawonjezera madzi, mtima wotopawo umalemedwa kwambiri, magazi ofika ku impso amachepanso, impso zimawonjezeranso. Walira mvula walira matope.

Kumene madzi akhale kumadalira mbali ya mtima imene yafooka. Ikakhala ya kumanja, imene imalandira magazi ochokera m'thupi lonse, amatupa ndi akakolo, miyendo, kenako mimba. Kutupako kumakula madzulo n'kuphwa m'mawa. Wodwala wogonera pamphasa amatupa m'chiuno chakumsana, ndipo omudwazika amene amangoyang'ana mapazi akhoza kuganiza kuti akuchira. Ikakhala ya kumanzere, madzi amalowa m'mapapo. Munthu amabanika akagona chagada, amawonjezera mapilo, kenako amayamba kugona chokhala. Usiku madzi amene anali m'miyendo amabwerera m'magazi n'kukadzaza m'mapapo, iye n'kudzidzimuka akusowa mpweya.

Kuno kwathu mtima umafooka kawirikawiri chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kumene kwakhala zaka osachiritsidwa, komanso chifukwa cha zitseko za mumtima zimene zinawonongeka paubwana, zilonda za pakhosi zitanyalanyazidwa. Kuchepa magazi kwambiri nakonso kumatopetsa mtima. Za mphamvu ya mchere, madokotala a ku Zaria, kumpoto kwa Nigeria, anaziona m'zaka za m'ma 1970. Kumeneko mwambo wa Ahausa unkafuna kuti mayi akabereka azigona pabedi ladothi lotenthetsedwa ndi moto, azisamba madzi otentha, ndiponso azidya phala lothira mchere wa kunyanja zouma wotchedwa kanwa kwa masiku 40. Amayi ambiri ankafika kuchipatala atatupa thupi lonse, mtima utalemedwa. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale mu usipa wouma, m'buledi ndi m'timakyubu tokometsera ndiwo.

Kale ku Ulaya kutupa konse ankakutenga ngati nthenda imodzi. Mu 1785 dokotala wa ku Birmingham, William Withering, anafalitsa buku lonena za duwa lotchedwa foxglove. Analidziwa atafunsidwa za mankhwala azitsamba amene mayi wina wokalamba wa ku Shropshire ankachiritsira otupa, osakaniza zitsamba zoposa 20, ndipo iye anazindikira kuti chogwira ntchito chinali chimodzi. Anakhala zaka pafupifupi 10 akuyesa mlingo wake, chifukwa ukapitirira pang'ono umapha. Anaonanso kuti duwalo limathandiza otupa ena, ena ayi. Pambuyo pake zinadziwika kuti limalimbitsa kugunda kwa mtima, motero limathandiza amene vuto lawo lili mumtima. Mankhwala a digoxin amachokera ku mtundu wa duwa limeneli.

Supuni ya Richard Bright

Amene anasiyanitsa otupa a impso ndi Richard Bright wa pachipatala cha Guy's ku London, mu 1827. Chida chake chinali supuni ndi kandulo. Akatenthetsa mkodzo wa odwala ena otupa, unkaundana n'kuyera ngati choyera cha dzira m'chiwaya. Odwalawo akamwalira, ankapeza impso zawo zili zowonongeka. Chimene chinkaundanacho ndi alubumini.

Sefa ya impso yabwino silola mapuloteni kudutsa. Ikabooka, munthu amataya magalamu oposa 3 patsiku, nthawi zina kuwirikiza kangapo, ndipo chiwindi chimalephera kubwezeretsa. Kukoka kumachepa, impso zodwalazo zimasunganso mchere, thupi lonse n'kufufuma. Mkodzo umachita thovu losatha msanga, ngati mwathiramo sopo. Kutupa kwake kumayambira kumaso: mwana amadzuka zikope zitatupa, pofika masana nkhope yaphwa, mapazi ndi amene atupa. Khungu la m'zikope n'lolobodoka, ndiye usiku munthu atagona madzi amathamangira kumeneko. Palinso kutupa kumene kumabwera patapita milungu ingapo mwana atadwala zilonda za pakhosi kapena za pakhungu, monga mphere zimene zachita mafinya. Pamenepo mkodzo umachepa n'kukhala wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Kwa akuluakulu, shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndi zimene zimawononga impso mwakachetechete.

Chiwindi chikauma, mavuto amabwera atatu nthawi imodzi. Alubumini amachepa chifukwa wopanga wake wadwala. Magazi ochokera m'matumbo, amene onse amayenera kudutsa m'chiwindi, amapeza njira yothina n'kuunjikana. Impso nazo zimanamizika monga muja zimachitira ndi mtima. Madzi amadzaza m'mimba, nthawi zina malita 10 kapena kuposa, munthu manja ndi nkhope zili zowonda. Pamudzi amati wadyetsedwa. Zimene zamudya kawirikawiri ndi kachilombo ka hepatitis B, mowa wa zaka zambiri, kapena likodzo la m'matumbo, limene mazira ake amakatsakamira m'mitsempha ya m'chiwindi. Katemera wa hepatitis B analowa m'gulu la akatemera a ana m'Malawi mu 2002, koma obadwa chakacho chisanafike ambiri sanamulandire.

Mwana wotupa mapazi

Alangizi a zaumoyo akamayeza ana kusikelo amadinikiza pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi 3. Kadzenje kakatsala mbali zonse, mwanayo amawerengedwa kuti ndi wonyentchera kwambiri, kaya sikelo ikunena zotani. Apa sikelo imanama, chifukwa madzi amawonjezera kulemera, ndipo masaya otupa amapusitsa makolo kuti mwana akunenepa.

Dzina loti kwashiorkor analilowetsa m'mabuku achipatala ndi Cicely Williams, dokotala wobadwira ku Jamaica amene ankagwira ntchito ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Anafotokoza nthendayi mu 1933, ndipo mu 1935 anaitchula ndi dzina limene anamva kwa anthu olankhula Chiga ku Accra, lotanthauza matenda a mwana amene wachotsedwa pabere chifukwa kwabwera mng'ono wake. Makolo athu anaona zomwezo pamene ankanena za kutumbiza. Ankanenanso za tsempho ndi mdulo, matenda otupitsa amene amati amabwera makolo akaphwanya mwambo wa m'nyumba, kapena munthu wosayenera akathira mchere m'ndiwo. Maso awo anali akuthwa: anaona kutupa, tsitsi lofiirira lopepera, mwana wosasangalala, ndiponso nthawi imene zimenezi zimabwera. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa choyambitsa. Mlandu wa tsempho umatha masiku anthu akufunsana kuti walakwa ndani, pamene mwana wotupa alibe masiku otaya.

Kwa zaka zambiri mabuku ankafotokoza mwachidule: mwana akudya phala lopanda ndiwo, mapuloteni achepa, alubumini watsika, madzi atuluka. Kufotokozaku kuli ndi mbali yake yoona, koma kunayamba kugwedezeka. Michael Golden, akugwira ntchito ku Jamaica cha m'ma 1980, anaona ana akuphwa alubumini wawo asanakwere. Ngakhale ku Minnesota, m'dziko la America, kumene Ancel Keys anachepetsera chakudya amuna 36 odzipereka mu 1945, ambiri anatupa miyendo mapuloteni a m'magazi awo atangotsika pang'ono. Ndipo m'nyumba imodzi, ana odya mbale imodzi, wina amatupa, wina amangowonda.

Mbali yaikulu ya kafukufuku wa funso limeneli yachitikira m'Malawi. Ofufuza ena ankaganiza kuti vuto ndi kuchepa kwa zinthu zoteteza maselo monga vitamini E ndi selenium. Anazipereka kwa ana a m'midzi ya kum'mwera, m'kafukufuku wa ana oposa 2,000, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2005 zinaonetsa kuti sizinaletse kutupa. Kenako gulu la Jeffrey Gordon ndi Mark Manary linatsatira mapasa 317 awiriawiri mpaka zaka 3. Kawirikawiri mmodzi ankadwala, mnzake ayi. Atatenga tizilombo ta m'matumbo a mwana wodwala n'kutiika mwa mbewa zoleredwa zopanda tizilombo, n'kuzidyetsa chakudya chonga cha kumudzi, mbewazo zinawonda kwambiri. Zimenezi zinafalitsidwa mu 2013. Ndiye kuti chakudya choperewera chimakumana ndi zina, za m'matumbo, za m'chiwindi ndi za pakhoma la timitsempha, kuti mwana atupe.

Chithandizo chake chimadziwika bwino. Mwana wodwalika amagonekedwa n'kuyamba ndi mkaka wapadera wotchedwa F-75, pang'onopang'ono, kenako chiponde. Sapatsidwa mapiritsi okodzetsa. Akayamba kuchira amatsika kaye pasikelo chifukwa madzi akuchoka, ndipo mayi amene sanauzidwe zimenezi akhoza kuganiza kuti achipatala akumuondetsa mwana.

Khoma likatseguka

Njuchi ikaluma, maselo a pamalopo amatulutsa chinthu chotchedwa histamine, chimene chimatsegula mipata pakhoma la timitsempha. Madzi, mapuloteni ndi asilikali a m'thupi amatulukira pamenepo. Kutupa kotereku kumatentha, kumapweteka, ndipo n'kwadala: thupi latsegula zitseko kuti thandizo lifike. Kumaopsa kukapitirira. Poizoni wa mphiri amatupitsa mwendo wonse. Wopsa ndi moto mbali yaikulu ya thupi amataya madzi ambiri m'minofu moti mitsempha imatsala yopanda kanthu, n'chifukwa chake amamuika madiripi ngakhale akuoneka wotupa. Mankhwala a BP monga enalapril ndi captopril nthawi zina amatupitsa milomo ndi lilime mwadzidzidzi, ndipo zimenezi zimachitika kwambiri kwa anthu akuda kusiyana ndi azungu.

Mwendo uli ndi malo otupira. Ubongo ulibe, chifukwa watsekeredwa m'chigaza. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo anajambula ndi makina a MRI ana 168 amene anakomoka ndi malungo a muubongo. Ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Mwa amene anapulumuka, otupa chonchi anali pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Ubongo wotupa umakankhikira pansi n'kupanikiza mbali imene imayendetsa kupuma. Zotsatirazi, zimene zinafalitsidwa mu 2015, zinafotokoza chimene madokotala anakhala akuona kwa zaka zambiri, chakuti ana amenewa amasiya kupuma mtima ukugundabe.

Ngalande zikatsekeka

Kutupa kwa mntchetcha n'kwa mtundu wina. Poyamba kumasiya kadzenje ngati kwina konse, koma pakapita zaka chala sichilowanso. Madzi amene ngalande zalephera kuchotsa amakhala ndi mapuloteni ambiri, ndipo akakhalitsa thupi limamangapo mafuta ndi minofu yolimba. Khungu limakhuthala, limachita makwinya ndi njerewere.

Choyambitsa chake chodziwika ndi nyongolotsi zopyapyala ngati ulusi, zotchedwa Wuchereria bancrofti, zimene zimakhala m'ngalandemo zaka 6 mpaka 8. Tiana take timatulukira m'magazi usiku, nthawi imene udzudzu umaluma. Patrick Manson, akugwira ntchito ku Amoy m'dziko la China, anaonetsa mu 1877 kuti timakulira mwa udzudzu. Kwa amuna nyongolotsizi zimadzazanso madzi kumaliseche, vuto limene timati phudzi. M'Malawi matendawa anali ofala kwambiri ku Chikwawa, ku Nsanje ndi ku Karonga. Kuyambira mu 2008 boma linkagawa mapiritsi a ivermectin ndi albendazole chaka ndi chaka, ndipo mu 2020 bungwe la WHO linavomereza kuti matendawa salinso vuto lalikulu la zaumoyo m'dziko muno. Koma mapiritsi sakonza ngalande zimene zinawonongeka kale. Amene anatupa akadalipo, ndipo chimene chimakulitsa mwendo wawo ndi tizilombo tolowera m'ming'alu ya pakati pa zala, timene timabweretsa kutentha thupi ndi ululu, ulendo uliwonse n'kusiya ngalande zowonongeka kuposa kale. Kutsuka mwendo ndi sopo tsiku lililonse, kuumitsa pakati pa zala, kuvala nsapato ndi kuukweza pogona kumachepetsa zimenezi kwambiri. Phudzi limatha ndi opaleshoni.

Si mwendo waukulu uliwonse umene uli wa nyongolotsi. Kumapiri a ku Ethiopia, Rwanda, Uganda ndi Cameroon, alimi oyenda opanda nsapato pa dothi lofiira lochokera ku mapiri ophulika amatupa miyendo chifukwa cha tinthu ta m'dothimo tolowa pakhungu, matenda otchedwa podoconiosis. Khansa ya pakhungu ya Kaposi, imene inachuluka kuno m'nthawi ya Edzi, imatsekanso ngalande n'kuumitsa mwendo ngati thabwa. Mayi amene anachotsedwa bere pamodzi ndi anabele a m'khwapa akhoza kutupa mkono ngakhale patapita zaka.

Kuwerenga kutupa

Dokotala wabwino asanatenge magazi amakhala atafunsa kale mafunso ochepa: mbali imodzi kapena zonse, kunayamba liti, kumakula m'mawa kapena madzulo, mkodzo ukuoneka bwanji, mukumwa mankhwala anji. Funso lomalizali limapulumutsa ambiri ku mantha. Amlodipine ndi nifedipine, amene anthu ambiri a BP amamwa, amatsegula mitsempha yolowetsa magazi m'timitsempha tating'ono, kukankha n'kuchuluka, akakolo n'kutupa, mtima ndi impso zili bwinobwino. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac amachititsa impso kusunga mchere, ndipo kwa munthu wa mtima kapena impso zofooka angathe kugwetsa zinthu zimene zinali zitakhazikika.

Mapiritsi okodzetsa monga furosemide, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1960, amaletsa impso kubweza mchere, madzi n'kutsatira. Kwa wobanika ndi madzi m'mapapo amagwira ngati chozizwitsa. Kwa wa mntchetcha sathandiza, kwa wa amlodipine amathandiza pang'ono, ndipo akamwedwa mwachisawawa amaumitsa mitsempha n'kutaya potaziyamu, mchere wina umene mtima umadalira kuti ugunde bwino. Kubwereka mapiritsi a mnansi chifukwa nayenso anatupa ndi kutchova juga. Kutema mphini pa mwendo wotupa n'koipa kuposa pamenepo: khungu lotupa silipola msanga, ndipo bala lililonse ndi khomo la tizilombo.

Mayi woyembekezera madzi a m'magazi ake amawonjezeka ndi pafupifupi theka, ndipo chiberekero chimapanikiza mtsempha waukulu wobweza magazi kuchokera m'miyendo. Kutupa mapazi madzulo m'miyezi yomaliza n'kofala, ndipo kumachepa akagonera kumanzere. Koma pali matenda ena a pakati, amene amayamba mimba ikapitirira milungu 20, pamene BP imafika 140 pa 90 kapena kuposa, mapuloteni n'kumatuluka mumkodzo, timitsempha ta thupi lonse n'kumadontha. Akanyalanyazidwa, mayi amayamba kukomoka ngati wakhunyu, ndipo moyo wake ndi wa mwana umakhala pangozi.

Kutupa kwina kungathe kudikira tsiku loti mupeze ya thiransipoti. Kumene sikudikira ndi uku. Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, katumba n'kumapweteka, makamaka pambuyo pa ulendo wautali, opaleshoni kapena kubereka, mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo chibuluma chake chikhoza kuthothoka n'kukatseka m'mapapo: musausisite, musauthowe. Wotupa amene wayamba kubanika, amene lilime kapena milomo ikufufuma, ndi mwana amene mapazi onse awiri akusiya kadzenje, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo inu amayi oyembekezera, mukaona nkhope yatupa, mphete yakana kuvuka, mutu ukuwawa kapena maso akuchita chidima, musadikire tsiku la sikelo.